Kadontho ka Magazi ndi Zigamulo Zosabwezeka

M'bandakucha, adhana ya Fajr isanamveke, mayi wadzuka kuti akachite wudhu. Ali kubafa waona kadontho ka magazi pa chovala chake chamkati. Kadonthoko n'kofiirira mombuwirira, mwina kakuda ngati dzimbiri, ndipo kabwera kutatsala masiku atatu kapena anayi kuti tsiku lake lopita kumwezi likwane. M'nyumba monse palibe wina amene akudziwa. Koma mayiyu ali ndi mafunso amene sangawasunge mpaka dzuwa litatuluka. Aswali kapena asaswali? Ngati uli mwezi wa Ramadhan, adye daku n'kusala, kapena aleke? Kodi uwu ndi msambo umene wafulumira, kapena ndi chiyambi cha mwana amene wakhala akumupempha kwa Allah?

Nkhani zotere sitizikamba pabwalo, ndipo amuna ambiri amamera imvi osadziwa kuti akazi awo, alongo awo ndi ana awo amadutsa m'mamawa otere. Komabe funso la mayiyu ndi la munthu aliyense: tichite chiyani pamene chizindikiro chaoneka koma chitsimikizo sichinafike? Kungokhala manja lende sitingathe, pakuti nthawi ya swala sidikira munthu. Kuweruza ngati odziwa sitingathenso, pakuti sitikudziwa. Yankho limene tikufuna kuliteteza ndi lakuti pa nthawi ya chikaiko munthu achite zimene angathe kudzazikonza akapezeka kuti analakwitsa, ndipo adziletse ku zimene sizibwezeka. Timagazi timene timaoneka kumayambiriro kwa pathupi ndi malo abwino oyeserapo yankho limeneli, chifukwa pa kadontho kamodzi pamatha kutsamira mapemphero a mayi, ukwati wake, mbiri yake ngakhalenso moyo wake.

Tiyambe ndi zimene zimachitika m'thupi. Mwa mayi amene mwezi wake umatenga masiku 28, dzira limatuluka cha pa tsiku la 14. Likakumana ndi mbewu ya bambo m'kanjira kopita kuchiberekero, limayamba kugawikana, ndipo patatha masiku atatu kapena anayi limalowa m'chiberekero lili kampira kovuta kukaona ndi maso. Pakati pa masiku 6 ndi 12 chitulukire dzira, kampirako kamamatirira kukhoma la chiberekero n'kudzikwirira m'kati mwake. Kafukufuku amene Allen Wilcox ndi anzake anasindikiza mu 1999 anasonyeza kuti mwa mimba zambiri zimene zinakula bwino, kumamatiraku kunachitika pa tsiku la 8, la 9 kapena la 10. Wowerenga Qur'an amakumbukira apa liwu lakuti alaqa, la mu Sura Al-Mu'minun, limene tsinde lake m'Chiarabu limanena za chinthu chomamatira. Pa nthawi imeneyi khoma la chiberekero limakhala lokhuthala ndi lodzala ndi timitsempha. Choncho achipatala akhala akufotokoza kuti mluza ukamadzikumbira malo, timitsempha tina timang'ambika ndipo timadontho timatuluka. Pa Chingerezi amati implantation bleeding, ndiko kuti magazi a kukhazikika kwa mluza. Amanenedwa kuti ndi ochepa, osaundana, ndipo amaleka patatha maola ochepa, tsiku limodzi kapena masiku awiri.

Koma dzina limeneli likulankhula motsimikiza kuposa umboni umene ulipo. Mu 2003, Emily Harville pamodzi ndi Wilcox ndi anzawo anaunika zolemba za amayi a ku North Carolina, m'dziko la America, amene ankapereka mkodzo tsiku ndi tsiku pamene ankafuna kutenga pathupi, n'kumalembanso tsiku lililonse limene aona magazi. Mwa amayi 151 amene pathupi pawo panatsimikizika, 14 okha ndi amene anaona magazi m'masabata 8 oyambirira. Magaziwo ankabwera makamaka cha pa nthawi imene mayi akanayembekezera msambo, ndipo sikawirikawiri kuti abwere pa tsiku limene mluza unakhazikika. Mwa amayi 14 aja, 12 anabereka ana amoyo. Tikuphunzirapo kuti oyembekezera ambiri saona kanthu, kuti amene aona timagazi nthawi zambiri pathupi pawo pamapitirira bwino, ndiponso kuti chimene chimatulutsa timagazito sichinatsimikizike ngati mmene dzina lija likumvekera.

Timadontho tofanana ndi timeneti timabweranso chifukwa cha njira zolera monga jakisoni ndi mapiritsi, matenda a khomo la chiberekero, kapena kungosokonekera kwa mwezi. Maso okha sangasiyanitse. Chimene chimasiyanitsa ndi kuyeza. Mluza ukakhazikika, m'thupi mumayamba kupezeka homoni yotchedwa hCG, imene imawirikiza kawiri pa masiku awiri kapena atatu alionse, ndipo kachipangizo koyezera mkodzo kamaipeza modalirika tsiku la msambo likapitirira. Woyeza mofulumira amatha kuuzidwa kuti ayi pamene yankho lili inde. Motero pakati pa kadontho ndi yankho pali masiku angapo amene palibe nzeru ya munthu ingawafupikitse. Nkhani yathu ili pa mmene tingakhalire m'masiku amenewo.

Mafunso awa si achilendo m'Chisilamu. Imam Bukhari ndi Imam Muslim anasunga nkhani ya Fatima bint Abi Hubaysh, amene anapita kwa Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, kukafunsa za magazi ake amene sankaleka. Mtumiki sanamuchititse manyazi. Anamuphunzitsa kuti magazi oterowo ndi ochokera mumtsempha, si msambo, ndipo kuti azisiya swala m'masiku a msambo okha, kenako asambe n'kuswali. Pa maziko ngati amenewa maulama anasiyanitsa haidh, umene ndi msambo, ndi istihadha, amene ndi magazi odza mwa njira ina, ndipo anaika malire. M'madhhab a Imam Shafi'i, amene Asilamu ambiri a kuno kwathu amatsatira, msambo suchepera usana ndi usiku umodzi ndipo supitirira masiku 15. M'madhhab a Imam Abu Hanifa, amene abale athu ambiri a makolo ochokera ku India ndi Pakistan amatsatira, suchepera masiku atatu ndipo supitirira masiku 10. Pa za mayi woyembekezera anasiyananso: a Hanafi ndi a Hanbali amati woyembekezera sapita kumwezi, pamene a Maliki ndi a Shafi'i amati n'zotheka.

Chimene chikutikhudza kwambiri ndi njira imene a Shafi'i ndi a Hanafi amamupatsa mayi wa m'bandakucha uja. Akaona magazi pa nthawi imene msambo ungathe kubwera, ndiko kuti patatha masiku osachepera 15 ali woyera, amawatenga ngati msambo ndipo amasiya swala ndi kusala. Magaziwo akaleka asanakwane malire ochepetsetsa aja, zimadziwika kuti sunali msambo. Mayiyo amabweza swala zimene anasiya, ndipo palibe tchimo pa iye. Shariya sinamuuze kuti aime njiii mpaka adziwe, ndiponso sinamulamule kuti adziwe zobisika. Sura Luqman ndi Sura Ar-Ra'd zikutikumbutsa kuti kudziwa kwathunthu kwa zimene zili m'ziberekero n'kwa Allah. Lamulo linaikidwira cholengedwa chosadziwa, n'chifukwa chake linamupatsa chigamulo cha lero n'kusiya khomo lotsegula kuti mawa akonze. Swala yosiyidwa mosadziwa ndi ngongole imene ili ndi njira yobwezera.

Tsopano tione zimene zimachitika kadontho komweka kakagwera pa chigamulo chosabwezeka. Tiyerekeze banja la ku Mangochi limene bambo wake amagwira ntchito ku Johannesburg, monga achitira amuna ambiri a m'bomalo. Bamboyo wabwera kudzacheza kwa mwezi wathunthu, kenako wabwerera. Patatha masabata awiri mkazi wake waona timagazi kwa masiku awiri, ndipo pocheza pa foni wamuuza mwamuna wake, mosaganizira zambiri, kuti wapita kumwezi. Mwezi wotsatira msambo sunabwere. Wayezetsa, ndipo wapezeka kuti waima. Mwamuna kutali kuja wayamba kupinda zala. Mkazi anasamba iye atachoka kale, nanga mimbayi ndi ya yani? Anzake ogona nawo nyumba imodzi amuthandiza kuwerengako, mlongo wake kumudzi wamva, ndipo pofika Lachisanu manong'onong'o afika pakhonde la mzikiti.

M'nkhani imeneyi palibe amene wanama. Mkazi ananena zimene anaona, ndipo mwamuna sanaphonye masamu, kungoti anayambira pa tsiku lolakwika. Achipatala amalidziwa vutoli. Iwo amawerenga msinkhu wa pathupi kuyambira tsiku loyamba la msambo womaliza, ndipo mayi akatenga timagazi ta kumayambiriro kwa pathupi ngati msambo, chiwerengero chimapelewera ndi pafupifupi masabata anayi. Sikani ya m'miyezi itatu yoyambirira imatha kusonyeza msinkhu wa mluza mosaphonya kuposa pafupifupi sabata limodzi. Tsono ulendo umodzi wa kuchipatala ukanathetsa mlandu. Koma mawu anayamba kuyenda sikani isanachitike.

Apa ndi pamene kukhwima kwa Shariya pa nkhani ya mbiri ya mkazi kumamveka bwino. Sura An-Nur ikufuna mboni zinayi kwa amene akunenera mkazi chigololo, ndipo wolephera kuzibweretsa amapatsidwa chilango cha zikoti 80 ndi kukanidwa umboni wake. Mwamuna wonenera mkazi wake wopanda mboni amayenera kulumbira kanayi, ndipo kachisanu kudziitanira temberero ngati akunama. Sura yomweyi ndi imene inayeretsa mayi Aisha, Allah asangalale nawo, ku bodza limene linazungulira Madina kwa pafupifupi mwezi. Maulama anaikanso miyezi 6 kukhala nthawi yochepetsetsa ya pathupi, pochotsa zaka ziwiri za kuyamwitsa za mu Sura Al-Baqara pa miyezi 30 ya mu Sura Al-Ahqaf, kuti mwana wobadwa m'banja asakanidwe chifukwa cha kuwerenga kwa zala. Taonani kusiyana kwake: lamulo limene limavomereza kadontho kamodzi kuti mayi asiye swala ndi lomwelo limene limafuna maso a anthu anayi kuti mbiri yake idetsedwe. Si kuti swala ndi yopepuka kuposa mbiri. Swala imabwezedwa, pamene mbiri ikaipa ilibe tsiku lobwezera. Madzi akatayika saoleka. Ngakhale sikani itadzamuyeretsa mayiyo, padzakhala ena amene anamva mlandu koma sanamve chigamulo, ndipo mwanayo adzakula akumva zokhudza kubadwa kwake m'milomo ya anzake.

Chimodzimodzi ndi talaka yotumizidwa pa foni mtima uli m'mwamba. Edda ya mkazi wosudzulidwa imawerengedwa ndi misambo itatu, ndipo ya woyembekezera imatha akabereka, monga Sura At-Talaq ikufotokozera. Edda payokha ndi nthawi yodikira imene Allah anaika kuti za m'chiberekero zidziwike ndi kuti mitima izizire. Ndime 228 ya Sura Al-Baqara ikuletsa mkazi kubisa chimene chalengedwa m'mimba mwake, ndipo maulama anatengapo mfundo yakuti mawu a mkazi pa za msambo wake ndi pathupi pake amalandiridwa, pakuti iye ndi amene anasungitsidwa chinsinsicho. Amene wasungitsidwa chinthu amayenera kunena zoona, ndipo omumvera amayenera kudziwa kuti wonena zoona amathanso kuphonya. Mkazi amene anati wasamba, n'kudzapezeka kuti anali ataima kale, waphonya monga aphonyera munthu aliyense woona ndi maso. Kumuyesa wabodza ndi kumufunsa chidziwitso chimene ngakhale namwino alibe asanayeze.

Mfundo yomweyi imagwiranso ntchito pa zimene mayi amalowetsa m'thupi mwake. Mayi akaona kuti msambo wangodontha n'kuleka, ena amamuuza kuti watsekeka, ndipo amamupatsa mankhwala azitsamba kapena mapiritsi ogula pamsika oti autsegule. Ngati m'chiberekero muli mluza, chimene chawonongeka pamenepo sichibwerera. Mosiyana ndi zimenezo, kupewa mankhwala osalembedwa ndi achipatala, kuuza dokotala kuti mwina ndaima asanapereke mankhwala kapena kujambula X-ray, ndi kumwa folic acid, ndi zinthu zimene sizipweteka ngakhale kutapezeka kuti pathupi panalibe. Kanjira kamene kamadzasanduka ubongo ndi msana wa mwana kamatsekeka pafupifupi masiku 28 dzira litakumana ndi mbewu, nthawi imene amayi ambiri amakhala asanatsimikize n'komwe. Choncho m'masiku a chikaiko mayi adzisamalire ngati woyembekezera, koma alankhule ngati amene sakudziwa.

Wina anganene kuti tikuphunzitsa anthu kuchedwa, m'dziko limene kuchedwa kwatenga kale miyoyo ya amayi ambiri. Dandaulo limeneli n'lomveka. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lathu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti pafupifupi mayi mmodzi yekha mwa anayi ndi amene ankayamba sikelo m'miyezi itatu yoyambirira, pamene bungwe la World Health Organization, mu 2016, linalangiza kuti ulendo woyamba uchitike m'masabata 12 oyambirira ndipo maulendo onse akwane 8. Tikudziwanso mwambo wathu wobisa pathupi mpaka pataonekera, poopa maso a anthu ndi a kaduka. Koma mfundo yathu sikulekerera kuchedwa kotere. Kupita kuchipatala n'kukauzidwa kuti palibe vuto kumangotaya ndalama ya kabaza ndi theka la tsiku. Kukhala kunyumba vuto lilipo kungathe kutaya moyo. Mimba imodzi kapena ziwiri mwa 100 zilizonse zimakhazikika kunja kwa chiberekero, makamaka m'kanjira ka dzira, ndipo nazonso zimatha kuyamba ndi timagazi tochepa. Kanjirako kakaphulika, mayi amataya magazi m'kati osaoneka kunja. Timagazi tikabwera limodzi ndi ululu wa mbali imodzi ya chinena, kupweteka kwa nsonga ya phewa, chizungulire kapena kukomoka, kapena magazi akachuluka, akaundana, kapena thupi likatentha, palibenso za kudikira. Ulendo ndi wa nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, ndipo mwamuna amene wapereka ndalama ya ulendowo osafunsa mafunso ambiri wachita udindo wake. Kubisira anansi n'kololedwa. Kubisira namwino ndi kumene kumapha.

Patsala chigamulo china chosabwezeka chimene sitichiona msanga, chifukwa chimabwera ndi chimwemwe. Mayi amene wakhala zaka pabanja osaona mwana, amene apongozi ake amamuyang'ana pamimba asanamupatse moni, akaona kadontho kotere mtima wake umadumpha. Chiyembekezo chimenechi sitingachinyoze. Mneneri Zakariya, mtendere ukhale pa iye, anapempha mwana ali nkhalamba, ndipo atauzidwa nkhani yabwino anapempha chizindikiro. Sura Maryam ikutiuza kuti chizindikiro chake chinali kusalankhula ndi anthu usiku utatu. Kafukufuku wa Wilcox ndi anzake wa mu 1988 anapeza kuti mwa mimba 100 zilizonse zimene kuyeza kunazipeza, 22 zinatha mayi asanatsimikiziridwe kuti waima. Kupita padera kwa masiku oyambirira kumachitika kawirikawiri chifukwa cha mmene mluza unapangikira, osati chifukwa chakuti mayi anasenza mtolo wa nkhuni kapena analakwira wina. Uthenga wolengezedwa msanga ukadzabwezedwa, mayi amalira kawiri: kulira mwana, ndi kulira maso a anthu. Achibale amene amamukakamiza kuti anene zimene sakudziwa amamusenzetsa katundu amene sanali wake.

Sitikunena kuti mfundo yathu imathetsa chikaiko chilichonse. Pali nthawi zina pamoyo pamene njira zonse zimene zili patsogolo pa munthu n'zosabwezeka, ndipo pamenepo amafunika uphungu, istikhara ndi kulimba mtima. Sitikunenanso kuti kudikira n'kopepuka. Mwamuna ali kutali amene mtima wake ukumuwerengetsa masiku amavutikadi, ndipo mayi amene akuyembekezera yankho sagona tulo. Koma pa nkhani iyi kudikirako n'kwa sabata limodzi kapena awiri, ndipo kumapeto kwake kuli kachipangizo kotsika mtengo kamene kamayankha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene walephera kudekha masiku 14 n'kuswa banja la zaka 14 sangaimbe mlandu thupi la mkazi wake.

Izi zikutipatsa ntchito ife tonse. M'madrasa athu atsikana amaphunzira za haidh ndi istihadha, koma anyamata ambiri amalowa m'banja osadziwa kuti woyembekezera amatha kuona magazi. Ankhoswe, anankungwi ndi mashehe amene amalangiza maanja atsopano ayenera kuzinena zimenezi momveka kwa onse awiri, monga Mtumiki anamuyankhira Fatima bint Abi Hubaysh mosabisa mawu. Imam Malik amakumbukiridwa kuti ankayankha mafunso ambiri ponena kuti sakudziwa, ndipo zimenezi sizinachepetse ulemu wake. M'nyumba zathu muyenera kukhala malo oti mkazi anene mawu omwewo osaopa.

Mayi wa m'bandakucha uja achite zimene madhhab ake akumuuza pa za swala, ndipo akasokonezeka afunse shehe kapena mayi wophunzira. Alembe tsikulo pa kalendala kapena mu foni, pamodzi ndi mtundu wa magaziwo ndi nthawi imene atenga. Asamwe mankhwala otsegula. Akamva ululu athamangire kuchipatala. Ndipo mwamuna wake akadzuka, kapena akaimba foni madzulo, amuuze zimene akudziwa basi: "Bambo, ndaona timagazi tsiku lisanakwane. Sindikudziwa ngati ndi kumwezi kapena ayi." Mwamuna woopa Allah ali ndi yankho lalifupi: "Ndamva, mayi. Lembani tsikulo. Sabata lamawa mukayezetse, ndipo mukamva kupweteka musadikire ine."